Legion 5 Pro ndi makina abwino, koma mnyamata wa pa shopu ija anatsala pang'ono kundiwotchera

Ndimafuna kulemba izi mu Okutobala momwemo koma mtima unali usanatsike, ndikanalemba nthawi imeneyo bwenzi ndikungotukwana basi. Laputopu yake ndi Lenovo Legion 5 Pro ya 2021 ija, purosesa (CPU) ya Ryzen 7 5800H ndi khadi la zithunzi (GPU) la RTX 3070 ya Nvidia, sikirini ya mainchi 16. Ndinagula $950 yogwirapo kale ntchito, pa shopu ina m'tauni mu Harare muno, m'zinyumba zija anazidula timashopu ting'onoting'ono aliyense ndi kakauntala kake ka galasi. Dzina la shopu sinditchula chifukwa cha mayi eni ake, muona kutsogoloku chifukwa chake.

Ine ndimajambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, makamaka za anthu akwathu a ku Malawi kuno ku Dzivarasekwa ndi ku Mufakose, ndiye masana ndi pulogalamu yokonzera mavidiyo ya DaVinci Resolve, usiku ndi gemu ya Warzone ndi anzanga. Masabata atatu oyamba makina anayenda bwinobwino, vuto linali loti RAM (memory imene makina amagwirira ntchito) ya 16GB imandichepera ndikayika vidiyo ya 4K. Ndinabwerera komweko kuti andiikire 32GB, awonjezere SSD yosungiramo zinthu ya 1TB pa malo achiwiri aja a M.2, komanso asinthe thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa tchipi, poti laputopu ya zaka zingapo phala lija limakhala litauma. Tinagwirizana $150, ndipo timitengo tanga tiwiri ta RAM ta 8GB tija atsale nato iwowo. Ndinanena momveka bwino kuti ndikufuna RAM ya DDR4-3200, ya liwiro la 3200, ziwiri zofanana, ndinachita kulemba pa pepala.

Amene anagwira ntchitoyo ndi kamnyamata kena kovala tcheni, chiyambire tsiku loyamba kamangondiitana kuti "Achimwene" koma mwa mtundu uja timaudziwa tonse okhala kuno, kokoka mawu kwinaku kakuyang'ana anzake kuti aseke. Ndinangokhala chete poti ndabwerera laputopu osati ubale. Analowa nayo kuseri, maola atatu ine ndili chiimire pa khonde, kenako anatuluka n'kuyiyatsa, kundionetsa kuti taonani 32GB yalemba apa, n'kuyitseka msangamsanga. Ndikanadziwa ndikanaumirira kuti tiyatse gemu pomwepo.

Ndinakwera kombi pa Copacabana, kufika kunyumba magetsi kulibe, anabwera cha m'ma 10 usiku. Kuyatsa Warzone, mphindi zisanu zoyamba zili bwino, kenako gemu inayamba kudukaduka, zithunzi kumakakamira ngati intaneti yathawa pomwe intaneti ili bwinobwino. Kiyibodi mbali imodzi inatentha moti chala sichimakhazikika pa mabatani, ndipo phokoso lake linali lachilendo, fani ikulira mokuwa kwambiri koma ngati ikuchokera mbali imodzi yokha. Ndinayika dzanja kumbuyo kotulukira mpweya. Mbali ina mphepo yotentha ikuwomba, mbali inayi zii, olo kamphepo. Ndisanaganize n'komwe chochita, laputopu inangozima yokha, phethi, sikirini bii. Anthu inu mtima wanga unasiya kugunda, ndalama imeneyo ndinasunga pafupifupi chaka chathunthu ndipo mkati mwake munali vidiyo ya ukwati wa eni ake yoti ndipereke Loweruka.

Itazizira ndinayatsanso, mwamwayi inayaka. Ndinatsegula pulogalamu ya HWiNFO kuti ndione manambala a kutentha. GPU inakwera mpaka madigiri 87 n'kukakamira pomwepo, pamenepo ndi pamene makadi a Nvidia a m'malaputopu awa amayamba kudzichepetsa mphamvu okha kuti asapse, ndi chifukwa chake gemu imadukaduka. CPU inadutsa 100, pomwe 5800H malire ake ndi 105. Ndinazimitsa msanga. Kenako china chake chinandiuza kuti taonanso RAM, kupita pa Task Manager yalemba liwiro la 2667 osati 3200. Pa pulogalamu ya CPU-Z pali tsamba lija la SPD limaonetsa kamtengo kalikonse pakokha, kamodzi kanali ka 3200, kenako ka 2666 ka kampani inanso. Ukaphatikiza choncho tonse tiwiri timayenda pa liwiro la kochedwako, ndipo ma Ryzen amenewa RAM yochedwa amaimva kwambiri. Ndiye kuti anandigulitsa chinthu china, kundilipiritsa mtengo wa china, pamwamba pake n'kundiwonongera kaziziritsidwe ka makina.

Usiku umenewo sindinagone. M'mawa 8 koloko ndinali pa khomo la shopu asanatsegule n'komwe.

Zomwe anayankha mnyamata uja ndi zomwe zikundipwetekabe mpaka lero. Poyamba akuti ndi fumbi la kwanu. Fumbi lanji lolowa usiku umodzi? Kenako akuti inverter yanu ndi imene yawotcha, ine ndinali pa magetsi a pakhoma. Kenako akuti magemu amapha malaputopu ndiye walanti palibe, tangoganizani, laputopu yopangidwira magemu, yolembedwa Legion pa chivindikiro. Nditamuonetsa chithunzi cha CPU-Z pa foni anangoti RAM ndi RAM, 32 ndi 32, ndipo ngati ndikufuna ayitsegulenso ndilipire kaye $20 yoyezera. Apa ndiye ndinayamba kunjenjemera, mawu anakwera, anthu a m'makauntala ena anasiya ntchito kumationerera, iye akungoseweretsa foni osandiyang'ana n'komwe. Ndinatuluka panja n'kuimbira alamu anga kuti abwere chifukwa ndimaona kuti ndichita zinthu zoti ndikagone ku polisi.

Ndikulankhula pa foni paja, madala ena amene amakhala pa kabenchi ka kuseri, amene ndimawaona nthawi zonse atawerama ndi soldering iron osalankhula ndi munthu, anatuluka n'kundigwira pa phewa. Anandilankhula Chichewa, chija cha anthu obadwira kuno chosakanikirana ndi Chishona pang'ono. "Mwana wanga, kwanu n'kuti?" Ndinati ku Dedza, madala. Akuti makolo awo anachokera ku Ntcheu kalekale nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland, iwowo anabadwira ku Mbare, kumudzi anapitako kawiri kokha. "Bweretsa kuno makinawo, titsegulire pamaso pa aliyense, ndalama usatulutse."

Anayala kansalu pa kauntala, kumasula ma screw n'kumawayika mu kachivindikiro ka botolo, kutsegula pansi paja ndi kapulasitiki kopyapyala osati screwdriver, ndipo chinthu choyamba anazula kaye nthambo ya batire asanakhudze china chilichonse. Atatero anangoloza ndi chala osanena kanthu. Kanthambo ka fani imodzi kanali lendelende, kosalumikiza, kamutu kake koyera kali mbali. Mnyamata uja anachotsa heatsink, chitsulo chija chochotsa kutentha pa tchipi, pobwezera n'kuiwala kulumikiza fani, osayesa n'komwe, n'kundipatsa. Madala atachotsa heatsink ija tinaona zina, thermal paste anachita kuthira ngati akupaka majarini pa buledi, yoyera yotchipa ija, itasefukira m'mbali monse mwa tchipi, ndipo ka thermal pad (kachidutswa kofewa kodutsitsa kutentha) kamodzi ka pa memory ya GPU kanali kong'ambika pakati theka lake litapindika. Mnyamata uja anayesa kunena kuti mwina yazuka mu kombi, madala anangomuyang'ana kamodzi, anakhala chete.

Madala aja anapukuta zonse ndi spirit ndi kathonje mpaka tchipi kumawala ngati kalilole, anapaka phala la Arctic MX-4 pang'ono chabe, kusintha ka pad kong'ambika kaja ndi kena kochindikala mofanana, akuti ukayika kochindikala kwambiri heatsink siikhala bwino pa tchipi ndiye wangosamutsa vuto. Ma screw a heatsink anamanga motsatira manambala olembedwa pambali pake, pang'onopang'ono mozungulira, osati kumanga imodzi mpaka kumapeto. Anachotsanso kafumbi kokhala ngati bulangete kamene kanamata kuseri kwa fani, komwe mnzathu uja sanakhudze n'komwe ngakhale ndinalipira. Zonsezi mphindi 40 basi. Ndipo asanatseke anayatsa kaye kuti tione mafani onse awiri akuzungulira.

Eni shopu, mayi ena achikulire ndithu, anafika zili mkati. Ndinkayembekeza kuti aikira kumbuyo mwana wawo wa ntchito koma ayi, anamvetsera, anaona chithunzi cha RAM chija, anapepesa pamaso pa anthu, n'kunena kuti ya 3200 ina alibe pakali pano ndibwere Lachinayi. Lachinayi ndinapita ndithu ndipo inalipo, ziwiri zofanana, anayika madala omwe aja ine ndikuona. Ndalama sanandibwezere olo dola koma zomwe ndinalipira ndinazipeza, ndi chifukwa chake sindikufuna kuwaipitsira dzina. Mnyamata uja yekha mpaka lero sanandipepese, akadali pomwepo, ndikadutsa amayang'ana kumbali.

Makinawo pawokha ndilibe nawo mawu oipa. Sikirini ya 2560x1600 pa 165Hz ndi yokoma kwambiri, ndipo poti ndi 16:10 pokonza vidiyo malo amakwana bwino. Ndinazimitsa Hybrid Mode mu pulogalamu ya Lenovo Vantage kuti sikirini izitenga zithunzi molunjika ku RTX 3070 osadutsira ku GPU yaing'ono ya mu purosesa, ma fps (zithunzi pa sekondi) anakwera moonekeratu. Kudina mabatani a Fn ndi Q kumasintha mphamvu, kanyali ka pa batani loyatsira kakakhala kabuluu ndi yachete, koyera ndi pakatikati, kofiira ndiye yatsegula zonse ndipo GPU imatha kufika ma watt 140. Pa pulogalamu ya MSI Afterburner ndinatsitsa voltage pang'ono pa curve, ndipo pa magemu ambiri ndimazimitsa boost ya CPU mu power plan ya Windows poti gemu imadalira kwambiri GPU. Panopa GPU imakhala m'ma 70, CPU m'ma 80, ndipo manambala amenewa ndinawaona ndi kutentha kwa mu Okutobala kuja, m'chipinda cha malata. Kumbuyo ndimangoikako kathabwa kuti ikwere pang'ono mpweya uzilowa pansi.

Chovuta chake ndi chaja ya ma watt 300, yolemera ngati njerwa, ukaphatikiza ndi laputopu mu chikwama phewa limamva. Magetsi akazima osalota zosewera pa batire, mphamvu imatsika ndipo siichedwa kutha, pa inverter yaing'ono ya kunyumba imamwa batire moti akazi anga analetsa, akuti mufuna tigone mumdima chifukwa cha gemu. Mafani pa kofiira paja amasokosa, opanda mahedifoni simungamvane.

Mukamagula kapena kukweza RAM m'timashopu timeneti, pitani ndi fulashi yokhala ndi CPU-Z ndi HWiNFO, muyatse gemu kapena chilichonse cholemera mphindi 15 muli pomwepo, muyike dzanja kotulukira mpweya mbali zonse ziwiri, ndipo pa lisiti alembe liwiro la RAM osati kukula kokha. Akakana nyamukani.

Laputopu ndikuipatsa nyenyezi zisanu, shopu zitatu, ndipo zitatuzo ndi za mayi aja ndi madala. Madala anakana ndalama tsiku lija, akuti mwana wa ku Dedza sangamulipiritse pa zolakwa za shopu yawo yomwe, ndiye alamu anga atapita kumudzi mu Disembala ndinawatuma matemba ndi Kambuzi ndinakawasiyira pa benchi pawo. Fumbi la mu Ogasiti likadzadutsa ndidzapita nayonso kukayeretsa mafani, koma ndidzayamba ndaimba foni kufunsa ngati iwowo alipo.