Spray, MP Rotator kapena rotor: tiike uti pa kapinga Seputembala asanafike?

Ogasiti akafika ku Joni kuno, ife a m'magadeni tulo timachepetsa. Kapinga wa kikuyu amene anapsa ndi chisanu cha Juni ndi Julayi amafunika kumumeta mpaka pansi, kumupala, kumuwaza dothi la manyowa, kenako madzi. Mvula ya kuno imayamba bwino cha mu Okutobala, ndiye pakati ponsepa kapinga amadalira mapaipi basi. Ukangoyatsa koyamba m'pamene umaona zoona zake: mutu wina womwaza madzi wadulidwa ndi makina otchetchera, wina sukutuluka pansi, wina ukuthirira khoma la aneba. Bwana akakupatsa ndalama kuti ukagule mitu yatsopano, kusitolo ukapeza mitundu itatu.

Woyamba ndi spray, uja amatumphuka n'kumwaza madzi ngati chipewa osazungulira, monga Rain Bird 1800. Ndi wotchipa, savuta kuika, ndipo amagwira ntchito ngakhale presha (mphamvu ya madzi m'paipi) ili pa 2 bar. Amafika mamita 4 kapena 5 okha. Vuto lake ndi dyera: amakhuthula madzi pafupifupi mamilimita 40 pa ola. Dothi lamakande silingamwe mothamanga chonchi, ndiye ngati yadi ili yotsetsereka, pakangotha mphindi zochepa umaona madzi akuyenda mu driveway kupita kumsewu. Komanso mphepo ya Ogasiti imene tonse tikuidziwa ija imanyamula timadzi take tosalala ngati utsi. Ine spray ndimamusiyira timizere topapatiza ta m'mbali mwa nyumba ndi kakapinga ka kunja kwa geti.

Wachiwiri ndi MP Rotator wa kampani ya Hunter, ndipo Rain Bird nayo ili ndi wake wofanana naye. Kwenikweni si mutu wathunthu ayi, ndi kansonga chabe kamene mumamanga pa thupi lomwe lija la spray. Apa m'pamene pali phindu lake, abale anga, chifukwa simukumba kanthu: mumangomasula kakale n'kumangapo katsopano. Amatulutsa timizere ta madzi tambiri tozungulira pang'onopang'ono, tolemera moti mphepo siitiseweretsa kwambiri. Amathira pafupifupi mamilimita 10 pa ola, ndiye dothi limamwa mosatsamwa. Kutalika kwake kumadalira nambala yomwe mwagula, kuyambira mamita osakwana 3 mpaka kupitirira 10. Popeza aliyense amakoka madzi ochepa, zoni (gulu la mitu imene imayatsidwa pamodzi ndi valavu imodzi) imene mitu yake yakumapeto inkangodontha chifukwa chochulukana pa paipi imodzi imatha kudzuka yonse mukaisinthira kwa iyeyu.

Koma naye ali ndi khalidwe lake. Mtengo wake ndi wokwera kuposa kansonga ka spray, ndipo amakonda presha ya pafupifupi 2.8 bar. Chachikulu n'chakuti amadana ndi mchenga. Nyumba zambiri za kuno zikugwiritsa ntchito madzi a borehole, ndipo ngati palibe sefa yabwino pampope, kansongako kamasiya kuzungulira n'kumangolasa malo amodzi. Kali ndi kasefa kake pansi, koma kameneko si kolimbana ndi mchenga wa borehole tsiku ndi tsiku.

Wachitatu ndi rotor, ngati Hunter PGP kapena Rain Bird 5000, uja amaponya mzere umodzi waukulu wa madzi n'kumatembenuka. Ameneyu ndi wa mayadi akuluakulu, kumene kapinga amatambalala mamita 10 kapena kuposa popanda mitengo pakati. Ndi wolimba, satsekeka wamba, koma amafuna presha ya 3 bar kapena kuposerapo ndiponso paipi yokulirapo. Pa yadi ya m'ma complex, rotor angakuyambanitseni ndi dona chifukwa chonyowetsa zovala pa chingwe. Za iyeyu sindichulutsa, ambiri a ife timamupeza ali kale pansi ndipo ntchito yathu imangokhala kumuwongola ndi kakiyi kake.

Tsono nkhani ya nthawi. Kikuyu m'nyengo yotentha amakhuta ndi madzi a mamilimita pafupifupi 25 pa sabata. Ndi spray, zimenezi ndi mphindi zosakwana 40 pa sabata yonse. Ndi MP Rotator ndi maola awiri ndi theka pa zoni imodzi. Malamulo a Johannesburg Water saloleza kuthirira dimba pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 31 Marichi, choncho ngati yadi ili ndi mazoni 6, muwerengere bwino kuti onse amalize dzuwa lisanatuluke. Bwana akadabwa kuti makina akuyenda nthawi yaitali, mufotokozereni kuti pa mphindi iliyonse madzi akutuluka ochepa, asaganize kuti bilu ikwera.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti mitu itatuyi siikhala pa zoni imodzi. Ndinaziphunzira movutikira. Chaka china mutu wa spray wa pakona unasweka, ine n'kuikapo MP Rotator amene ananditsalira m'thumba, enawo n'kuwasiya momwe analili. Zoni ija inkayenda mphindi 10. Pofika kumapeto kwa Seputembala kapinga yense anali atabiriwira kupatula kona ija, youma ngati bwalo la mpira la kwathu mu Okutobala. Dona anaganiza kuti ndi mbozi, anatsala pang'ono kugula mankhwala. Nditawonjezera nthawi kuti kona imwe, mbali ya ma spray inasanduka dambo. Mapeto ake ndinasintha zoni yonse.

Mtundu uliwonse umene mwasankha, musamange kansonga katsopano musanatsuke paipi. Masulani nsonga za mitu yakumapeto, tsegulani valavu pang'onopang'ono, madzi atuluke mpaka ayere, chifukwa m'nyengo yozizira dothi ndi nyerere zimalowa. Mukatsegula mwamphamvu kamodzi, mpweya umene uli m'mapaipi umamenya molumikizira mpaka kuthyola. Yang'ananinso kuti madzi a mutu uliwonse akufika pa mutu woyandikana nawo, apo ayi pakati padzatsala chigamba. Ndipo pitani pa controller, kabokosi kamene kamayatsa ndi kuzimitsa madzi pa nthawi yake, mukaone wotchi: magetsi akamazimazima, batire yosunga nthawi ikakhala yakufa, mudzapeza makina akuthirira masana dzuwa lili paliwombo.

Kuyeza sikufuna chida chodula. Tengani zitini za tuna 5 kapena 6, muziike apa ndi apo pa kapinga, yatsani zoni kwa mphindi 15, kenako muyeze madzi ndi rula. Chitini chimene chatsala pafupifupi chouma chikuuzani mutu woti muwongole.

Kwa ine, pa yadi yapakatikati ya madzi a khonsolo, ndalama ya bwana ndimaiponya pa MP Rotator, makamaka ngati malowo ndi otsetsereka. Pa madzi a borehole ndimayamba ndapempha sefa. Akakana kugula sefa, ndimabwezerapo spray, n'kugawa nthawi yake pawiri, mphindi 6 kenako zina 6 pakapita ola, kuti dothi lipeze mpata womeza.