Ufa wakumudzi, ufa wa m'shopu, mapilitsi kapena dimba: michere tiipeze kuti kuno ku Joni?

Mlongo wanga wa ku Rosettenville amapita ku Park Station pafupifupi mwezi uliwonse kukalandira kathumba ka ufa woyera komwe mayi amatumiza pa basi kuchokera ku Dedza. Iye amati ufa wakuno ndi wamankhwala, nsima yake ilibe mphamvu. Alamu anga nawo amadalira mabotolo a mapilitsi a michere ogula ku sitolo ya mankhwala ya Dis-Chem, ati nthaka inaguga kalekale, zomwe tikudyazi ndi makoko chabe. M'nyumbamo muli ana awiri aang'ono, n'chifukwa chake nkhaniyi sindinaitenge mopepuka.

Zoti nthaka yakwathu yatopa n'zoona. Chimanga pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, mapesi kuwotcha, dothi lapamwamba kukokoloka ndi mvula. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana aang'ono 60 mwa 100 alionse ku Malawi anali operewera zinki m'thupi, ndipo 37 mwa 100 anali opinimbira. Zinki ndiye amathandiza mwana kukula, chilonda kupola, ndi thupi kulimbana ndi matenda otsegula m'mimba. Palinso seleniyamu, yemwe chithokomiro ndi chitetezo cha m'thupi zimamufuna. Dr Allan Chilimba ndi anzake anayeza chimanga cha m'maboma osiyanasiyana n'kupeza kuti cha ku Chigwa cha Shire, cholimidwa pa makande akuda aja, chili ndi seleniyamu wambiri kutalitali kuposa cha m'madera ambiri akumtunda komwe dothi ndi la asidi. Ngala ziwiri zooneka chimodzimodzi, koma zam'kati n'zosiyana.

Komabe alamu sakunena nkhani yonse. Ku Rothamsted, ku England, kuli munda womwe akhala akulimamo tirigu kuyambira 1843 n'kumasunga zokolola za chaka chilichonse. Atayeza anapeza kuti zinki, ayironi, kopa ndi maginiziyamu zinayamba kutsika m'ma 1960, pomwe kunabwera mbewu zazifupi zobereka kwambiri, chonsecho m'dothimo michereyo inali isanachepe. Zili ngati shuga wa kapu imodzi kumuthira mu ketulo yonse. Choncho vuto lina ndi nthaka, lina ndi mbewu, ndipo lalikulu, m'mene ndikuonera ine, ndi zomwe timachita ndi chimangacho tikakolola.

Apa ndi pomwe ufa woyera ukugwera. Ndimaukonda, nsima yake yosalala ija palibe ufa wakuno ungafanane nayo. Koma taganizani njira yake. Timakonola, gaga ndi mtima wa chimanga n'kupita ku nkhumba ndi nkhuku, ndipo zinki ndi ayironi wambiri amakhala momwemo. Kenako timaviika mphale masiku angapo, madziwo n'kutaya, michere ina n'kupita nawo. Chigayo cha pamsika sichibwezeramo kanthu. Ubwino ulipo umodzi: kuviika kumachepetsa phytate, chinthu cha m'chimanga chomwe chimamanga zinki ndi ayironi kuti thupi lisazitenge. Koma chimanga chochokera pa dothi losauka, chochotsedwa gaga, chotsukidwa, n'kulipiriranso wonyamula katundu ulendo wonse wodutsa ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndiye kuti tagula kukoma ndi fungo lakwathu basi. Mgaiwa uli bwinoko chifukwa chilichonse chimatsalamo, ngakhale phytate nayenso amatsala, ndipo sukhalitsa, umayamba kununkha mafuta.

Ufa wa m'shopu, uwu wa White Star, Iwisa, Ace ndi ina, nawonso ndi wochotsedwa gaga, makamaka wolembedwa kuti super. Kusiyana kwake ndi lamulo. Kuyambira Okutobala 2003, boma la South Africa linalamula kuti ufa wachimanga ndi ufa wa buledi zizithiridwa vitamini A, mavitamini anayi a gulu la B, folic acid, ayironi ndi zinki. “Mankhwala” omwe mlongo wanga amawaopa ndi amenewa. Lamuloli litayamba, chiwerengero cha ana obadwa ndi vuto la msana wotseguka ndi ubongo wosakhwima chinatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Kwa banja lodya nsima kawiri patsiku, palibe njira ina yotsika mtengo yopezera zinki ndi ayironi yoposa iyi, chifukwa ufawo mukanagulabe. Onani kuti pa thumba pali chizindikiro choti ndi wothiridwa michere, makamaka mukamagula wopimidwa m'timapepala pa spaza. Kupelewera kwake: mulibe seleniyamu wothira, mulibenso kashiamu.

Mapilitsi ali ndi malo ake. Mayi woyembekezera amalandira a ayironi ndi folic acid ku kiliniki ya boma, ndipo amwe ndithu osadumphitsa. Amene wayezedwa n'kupezeka kuti magazi achepa, chimodzimodzi. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kumwa mwachisawawa poopa nthaka. Munthu wamkulu amafuna seleniyamu wokwana mamaikulogalamu 55 okha patsiku, ndipo kupyola 400 kwa nthawi yaitali kumathothola tsitsi ndi kuwononga zikhadabo. Zinki wopyola mamiligalamu 40 tsiku ndi tsiku amatsekereza kopa m'thupi. Mapilitsi a ayironi akamezedwa ambiri ndi mwana akhoza kumupha, ndiye m'chipinda chimodzi chomwe ambiri timakhalamo, botololo lisakhale pawindo. Ndalama yakenso imatuluka mwezi ndi mwezi, ndipo amamwa ndi bambo okha, ana omwe akukula ayi.

Dimba ndimalilemekeza, poti ambiri a ife ntchito yathu kuno ndi ya m'magadeni, manja timawadziwa. Bonongwe, nkhwani, chisoso ndi mpiru zothyoledwa lero zimaposa masamba ofota ogona pa tebulo masiku atatu. Koma dothi la Joni si la kumudzi. Mzindawu unamangidwa pa migodi ya golide kuyambira 1886, ndipo milu yachikasu ija ya ku Riverlea, Diepkloof ndi Meadowlands imauluza fumbi lokhala ndi yureniyamu, aseniki ndi mtovu. Masamba amakoka zoipazo monga momwe amakokera zabwino. Amene muli pafupi ndi milu imeneyi, dzalani m'matumba kapena m'mabeseni akale, dothi ndi kompositi zochokera kwina, madzi a pampopi osati a m'ngalande, ndipo tsukani masambawo bwinobwino. Dziwaninso kuti chomera sichipanga mchere womwe m'dothi mulibe. Ngakhale manyowa a ng'ombe yodya udzu wa pa dothi lopanda seleniyamu sangabweretse seleniyamu.

Ndiye ngati malo m'basi tikulipira kale, tiikemo chiyani? Ine ndikuti usipa ndi matemba. Timadya zonse, mutu, minga ndi zam'kati, ndipo m'menemo muli zinki, komanso kashiamu ndi seleniyamu zomwe ufa wa m'shopu ukusowa zija. Ndiwo zanyama pang'ono chabe zimathandizanso thupi kutenga ayironi wa mu nsima ndi m'masamba. Onjezani nyemba, makamaka za NUA45 zomwe zili ndi ayironi ndi zinki wochulukirapo, ndi mtedza wa nsinjiro wosankhidwa bwino wopanda chuku. Tiyi asamamwedwe pamodzi ndi chakudya, amatsekereza ayironi.

Ndalama ya mabotolo ija ndingakonde itapita ku munda wa mayi. Feteleza wokulitsa wa masiku ano, 23:10:5+6S+1.0Zn, yemwe analowa m'malo mwa 23:21:0+4S, ali ndi zinki ndi potaziyamu, ndiye potumiza ndalama ya zipangizo funsani zomwe zalembedwa pa thumba, musangoti “agule matumba awiri”. Dziko la Finland linayamba kuthira seleniyamu mu feteleza mu 1984 ndipo anthu ake anasiya kupelewera, umboni woti munda ukadya, mwana nayenso amadya. Pakadali pano mayi angathe kudzala nandolo m'chimanga, kukwirira mapesi m'malo mowotcha, ndi kuleka mitengo ya msangu iime m'munda.

Sabata yatha tinawaimbira mayi pa WhatsApp. Thumba la mwezi uno likubwera ndi usipa, nyemba ndi nsinjiro. Ufa woyera mlongo wanga wakana kuusiyiratu, tagwirizana kuti uzibwera pang'ono, wa nsima ya Lamulungu tikachokera ku tchalitchi.