KF-21, Kaan ndi Tejas: ndege za mayiko atatu, injini za kampani imodzi

South Korea, Turkey ndi India onse amanyadira kuti ali ndi ndege yankhondo yopanga okha: KF-21 Boramae ya Korea, Kaan ya Turkey ndi Tejas ya India. Koma mukasuzumira kumbuyo kwa ndege zitatuzi mupeza injini za kampani imodzi ya ku America, General Electric (GE). Mu KF-21 muli F414 ziwiri, mu Kaan muli F110 ziwiri, mu Tejas muli F404 imodzi. Ndiye poyerekeza ndegezi, zoti yothamanga kwambiri ndi iti sizitiuza zambiri. Chimene chimasiyanitsa ntchito zitatuzi ndi chakuti dziko lililonse linasankha kupanga chiyani lokha, kugula chiyani, ndiponso kuyamba ndi chiti. Pamenepo Korea inawaposa anzake, ngakhale kuti ndege yake si imene imalonjeza zazikulu.

Tiyambe ndi injiniyo, poti ndi pamene pagona nkhani. Mpweya wotuluka m'chipinda choyakira mafuta umafika pa timapeni ta turbine, gudumu lozungulira la m'kati mwa injini, uli wotentha kupitirira madigiri 1,500 Celsius, pamene chitsulo cha nickel chopangira timapeniti chimasungunuka chisanafike pamenepo. Kuti tisasungunuke, kampeni kalikonse amakaumba kukhala kristalo imodzi yopanda msoko, m'kati mwake amasiya tinjira todutsa mpweya wozizirirako, pamwamba amaboola timabowo tosaoneka bwino ndi maso n'kukuta ndi dothi lapadera losamva moto. Kampeni kamodzi kakang'aluka injini ikuzungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi, zidutswa zake zimaphwanya zonse za kumbuyo kwake. Luso limeneli salemba m'buku loti mungagule, ndipo mayiko amene amalidziwa mokwanira ndi owerengeka: America, Britain, France, Russia, kenako China, amenenso anavutika nalo zaka zambirimbiri.

India: kufuna zonse pakamodzi

Ntchito ya Tejas inavomerezedwa mu 1983 kuti ndegeyi idzalowe m'malo mwa MiG-21, ndege yakale yankhondo yojambulidwa ku Soviet Union. Bungwe lojambula ndegeyo, ADA, linakhazikitsidwa mu 1984, ndipo yopanga ndi kampani ya boma ya HAL ku Bengaluru. India inafuna kupanga yokha thupi la ndege, makompyuta oyendetsera, radar ndi injini, zonse nthawi imodzi, m'dziko limene linali lisanajambule ndege yankhondo yothamanga kwambiri chichokereni HF-24 Marut ya mu 1961. Phunziro la Marut linali lapoyera: thupi lake analijambula kuti lidzathamange kawiri liwiro la phokoso, koma injini yoyenera sinapezeke, ndipo ndegeyo inakalamba ikuuluka ndi injini zofooka za Orpheus.

Injini ya Tejas, Kaveri, inavomerezedwa mu 1989. Inkayenera kukankha ndi mphamvu ya matani oposa 8, koma inkangofika pa matani 7 ndi pang'ono, komanso inalemera kuposa muyeso. Mu 2008 boma linailekanitsa ndi ndegeyo. Radar ya kwawo nayonso inachedwa, mpaka anaika ya ku Israel. Pamwamba pa izi, India itayesa mabomba a nyukiliya mu Meyi 1998, America inaika zilango, ndipo akatswiri a kampani ya ku America ya Lockheed Martin amene ankathandiza pa makompyuta oyendetsera ndege anasiya ntchitoyo. Amwenye anaimaliza okha, ndipo apa tiwayamikire: Tejas ilibe mapiko a kumchira, anaipanga dala kuti isamakhazikike yokha m'mwamba kuti izitha kukhota msanga, moti popanda makompyuta anayi ogwira ntchito limodzi munthu sangaiyendetse. Mbali imeneyi anaikhoza bwino kwambiri.

Ndege inauluka koyamba pa 4 Januwale 2001, koma gulu loyamba la asilikali linailandira mu Julayi 2016. Vuto linali kuchepa kwa thupi. Tejas ndi yaitali mamita 13 okha, ndipo chilichonse chimene asilikali ankawonjezera pa zaka zonsezi chinkasowa pokhala. Wofufuza za chuma cha boma la India mu 2015 anawerenga zinthu 53 zimene mtundu woyamba sunakwaniritse, chimodzi mwa izo chida chosokoneza radar ya adani, chimene chinalephera kukwana m'kati. Asilikali apamadzi anaikana mu Disembala 2016 ponena kuti ndi yolemera kwambiri moti singanyamuke pa sitima itasenza katundu wokwanira.

Chimene chimawawa kwambiri ndi cha posachedwa. Mu Febuluwale 2021 boma linaitanitsa ndege 83 za mtundu wokonzedwanso wa Mk1A, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho HAL inagula injini 99 za F404 pa madola 716 miliyoni. Koma GE inali itatseka mzere wopangira injini za mtunduwu kwa zaka zisanu chifukwa India sinkaitanitsa, ndipo kuutsegulanso, pamodzi ndi makampani ang'onoang'ono opanga zipangizo zake, kunatenga nthawi. Injini yoyamba inafika mu Malichi 2025. Ndege zimene zinkayenera kuyamba kuperekedwa kumayambiriro kwa 2024 zinali zisanaperekedwe pamene MiG-21 yomaliza inkapuma mu Sepitembala 2025, mwezi womwewo umene boma linaitanitsa zina 97. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: ndege 180 za papepala sizilondera malire.

Korea: kukwera makwerero

Pulezidenti Kim Dae-jung analengeza maloto a ndegeyi mu 2001, koma ntchito yeniyeni inayamba kumapeto kwa 2015. Zaka za pakatipo sizinapite pachabe. Kampani ya KAI ku Sacheon, imene imapanga KF-21, inali italumikizapo kale ndege zankhondo za ku America za F-16, kenako inapanga ndege yophunzitsira ya T-50 mothandizana ndi Lockheed Martin, imene inauluka mu 2002, ndiye kuchokera pa iyo inapanga FA-50 n'kuigulitsa ku Philippines, Poland ndi Malaysia. Pofika pa KF-21, amisiri, mafakitale ndi oyesa ndege analipo kale.

Nawonso anakanizidwa. Mu 2015 zinadziwika kuti America yakana kupereka luso la zida zinayi: radar ya AESA, chida chosaka ndege poona kutentha kwake, chida cholozera mabomba, ndi chosokoneza radar ya adani. Akorea anasankha kupanga okha zinayizi, n'kusiya injini. Radar ya AESA ilibe mbale yozungulira; nkhope yake ili ndi tizipangizo pafupifupi 1,000 totumiza ndi kulandira mafunde, ndipo chovuta chake ndi kuziziritsa ndi mapulogalamu. Kwa dziko lodziwa zamagetsi ngati Korea, phiri limenelo linali lokwereka, ndipo Hanwha Systems inaipanga. Injini anangogula F414, iliyonse yokankha matani pafupifupi 10, ndi chilolezo choti Hanwha Aerospace izilumikiza kwawo.

Chisankho chachiwiri ndi chimene ambiri amachinyoza, koma ife timachiona chanzeru. Thupi la KF-21 analiumba mobisalira radar, koma sanaike chipinda cha mizinga m'mimba. Mizinga inayi ya Meteor imamatirira kumimba, theka m'kati theka kunja, zina zonse zimapachikidwa m'mapiko. Izi zikutanthauza kuti ndegeyi ikasenza katundu imaoneka pa radar kuposa F-35, ndege ya ku America yobisalira radar. Koma chipinda cha m'mimba chili ndi mavuto ake: chitseko chikatseguka ndege ili pa liwiro lalikulu, mpweya umalira ndi kugwedeza chipindacho mpaka kutopetsa zitsulo, ndipo mzinga uyenera kukankhidwa mwamphamvu kuti usabwerere n'kumenya ndege. Mtundu uliwonse wa mzinga umafuna mayeso akeake. Akorea anazisiya zimenezi kuti zidzabwere pa mtundu wam'tsogolo. Ntchito anaigawanso pawiri: ndege 40 zoyamba ndi zomenyana ndi ndege zinzake, 80 zotsatira ndi zimene zidzathenso kumenya pansi mokwanira.

Zotsatira zake zikuoneka pa kalendala. Ndege yoyamba inaonetsedwa mu Epulo 2021, inauluka pa 19 Julayi 2022, inapyola liwiro la phokoso mu Januwale 2023. Anapanga ndege zoyesera zisanu ndi imodzi, ziwiri mwa izo za mipando iwiri, kotero kuti pamene ina ikuyesa liwiro, ina imayesa radar, ina mizinga. Pofika Novembala 2024 zinali zitauluka maulendo 1,000 popanda ngozi. Mgwirizano wopanga ndege 20 zoyamba unasainidwa mu Juni 2024, wa 20 zina mu Juni 2025.

Pamene panavuta ndi pa ndalama za mnzawo. Indonesia inalonjeza kulipira gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wa ntchitoyi, pafupifupi ma won (ndalama za ku Korea) 1.6 thiriliyoni, koma inkangochedwetsa malipiro, mpaka Korea inavomera kutsitsa gawolo kufika pa ma won 600 biliyoni n'kuchepetsanso luso loti Indonesia ilandire.

Turkey: kulumpha

Kaan ndi yaikulu kuposa zinzakezi, yaitali mamita oposa 20, ya injini ziwiri za F110 zokankha matani pafupifupi 13 iliyonse. Kuyambira pachiyambi anaijambula ndi zipinda za mizinga m'mimba, kutanthauza kuti zonse zimene Korea inazengereza, Turkey ikuzifuna pa ulendo woyamba. Chifukwa chake n'chomveka. Turkey inali m'gulu lopanga F-35, koma inachotsedwamo mu Julayi 2019 itagula mizinga ya S-400 ku Russia, ndipo mu Disembala 2020 America inaika zilango pa ofesi ya Turkey yogula zida. Kaan, imene poyamba inkayenera kugwira ntchito pambali pa F-35, inasanduka yolowa m'malo mwake.

Kampani ya TUSAŞ ku Ankara, imene ikupanga Kaan, si yachilendo pa ntchitoyi. Inalumikizapo ma F-16 ambiri, inkapanga chigawo chapakati cha thupi la F-35, ndipo kuyambira 2017 inkathandizidwa ndi BAE Systems ya ku Britain pojambula. Koma onani mayeso. Kaan inauluka koyamba pa 21 Febuluwale 2024 kwa mphindi 13, matayala ali kunja, n'kufika mamita pafupifupi 2,400. Ulendo wachiwiri, mu Meyi, unatenga mphindi 14. Ndege imeneyo inali yongosonyeza kuti thupi limauluka. Mayeso enieni a radar, mizinga ndi liwiro ndi a ndege zoyesera zobwera pambuyo pake. Amene amaika Kaan pamwamba pa KF-21 chifukwa cha zimene zalembedwa pa timapepala ta kampani akuyerekeza maulendo owerengeka ndi maulendo oposa 1,000.

Pa injini, Turkey ikuyenda njira ziwiri. Ndege zoyamba zidzagwiritsa ntchito F110, pamene makampani a TEI ndi TRMotor akupanga TF35000, yoti idzakankhe matani pafupifupi 16, imene akufuna kuti idzalowe mu ndege cha m'ma 2032. Injini ya mphamvu imeneyo ili m'gulu la imene ili mu F-22 ya America. TEI yakhala ikulumikiza F110 ku Eskişehir kwa zaka zambiri ndipo yapanga yokha injini za helikopita ndi za ndege zopanda woyendetsa, choncho sikuyambira pansi. Komabe Kaveri ikutikumbutsa kuti injini kuyaka pa benchi ndi chinthu china, kupirira maola mazanamazana m'mwamba ndi chinanso. Njira yoyamba ija nayo ili m'manja mwa ena: mu Sepitembala 2025 nduna ya zakunja, Hakan Fidan, inanena poyera kuti zilolezo za injini za Kaan zaima ku nyumba ya malamulo ya America. Mwezi wotsatira Turkey inasaina zogula ndege 20 za Eurofighter Typhoon ku Britain, chizindikiro chakuti nayonso sikudalira kuti Kaan ifika msanga.

Injini yobwereka imalamulanso amene mungamugulitse. Turkey ikudziwa bwino zimenezi, chifukwa mahelikopita 30 a T129 amene inagwirizana ndi Pakistan mu 2018 sanapite, America itakana chilolezo cha injini zake. Sweden inaona zomwezo mu 1978 pamene inafuna kugulitsa ku India ndege yake yankhondo ya Viggen, imene injini yake inali ya luso la ku America. KF-21 ndi Tejas nazonso sizingagulitsidwe kwa dziko limene Washington sikulifuna. Apa ndi pamene JF-17, ndege yankhondo ya Pakistan ndi China, imapezera msika. Pakistan sinayese n'komwe kujambula yokha: anajambula ndi a ku Chengdu ku China, injini ndi RD-93 ya ku Russia, ndipo fakitale ya ku Kamra imapanga magawo 58 pa 100 a thupi. Inauluka mu 2003, patapita zaka ziwiri Tejas itauluka, koma gulu lake loyamba linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo yagulidwa ndi Myanmar, Nigeria ndi Azerbaijan. Ubale womwewo wa China ndi Pakistan ndi umene unabala K-8, ndege yophunzitsira imene Zambia ndi Zimbabwe amagwiritsa ntchito.

Kwa dziko lofuna ndege m'zaka zisanu zikubwerazi, pa zitatuzi KF-21 yokha ndi imene ili ndi mzere wopangira umene ukuyenda komanso mayeso okwanira kumbuyo kwake, malinga dzikolo likhale pa ubale wabwino ndi America ndipo livomere kuti ndegeyo si yobisala kotheratu. Tejas ndi yotsika mtengo poyendetsa chifukwa ili ndi injini imodzi, koma pofika Sepitembala 2025 HAL inali ndi ngongole ya ndege 180 kwa asilikali akwawo, ndiye wogula wakunja adzaima kumapeto kwa mzere. Kaan ndi ya wogula amene angathe kudikira. Indonesia, imene ili kale mu KF-21, inasaina mu Julayi 2025 zogula ma Kaan 48, ndipo tsiku limene idzawalandire lidzadalira chimodzi mwa ziwiri: chilolezo cha F110 kuchokera ku Washington, kapena TF35000 kutsiriza mayeso ake.