Ellroy kapena Mosley: muyambe ndi uti?

James Ellroy ndi Walter Mosley onse amalemba nkhani zofufuza milandu yakupha mumzinda wa Los Angeles wa m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, nthawi imene apolisi, andale ndi zigawenga ankadyera m'mbale imodzi. Mzinda ndi womwewo, koma aliyense amakuimikani pake.

Ellroy amakulowetsani ku polisi. Mu L.A. Confidential, buku la 1990, mumayenda ndi apolisi atatu, ndipo palibe wa manja oyera. Koyambirira kuli nkhani imene idachitikadi pa Khirisimasi ya 1951, pomwe apolisi oledzera adamenya akaidi asanu ndi awiri m'chitokosi, ambiri mwa iwo ochokera m'mabanja a ku Mexico. Mphamvu ya Ellroy ndi kuonetsa momwe katangale amayendera: mtolankhani amagula nkhani kwa wapolisi, wapolisi amakwezedwa chifukwa chosunga chinsinsi cha bwana, mlandu wopha anthu mu lesitilanti n'kukankhidwira anyamata atatu akuda kuti utsekedwe msanga. Mayi ake a Ellroy adaphedwa mu 1958 iye ali ndi zaka 10, wowapha osapezeka, ndipo ukali wake umamveka patsamba lililonse.

Koma kumuwerenga ndi ntchito. Ziganizo n'zodukaduka, Chingerezi chake n'cha apolisi a nthawiyo, chodzaza ndi mawu onyoza mitundu ya anthu, ndipo mayina ndi ochuluka moti mumabwerera m'mbuyo kukafufuza kuti uyu n'ndani.

Mosley amakuimikani kumene ndodo ya wapolisi imagwera. Mu Devil in a Blue Dress, lomwenso lidatuluka mu 1990, chaka n'cha 1948 ndipo Easy Rawlins, munthu wakuda amene adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, wangochotsedwa ntchito ku fakitale ya ndege. Ali ndi kanyumba ku Watts, dera la Los Angeles kumene kunkakhala anthu akuda ambiri, kabwalo kake kali ndi mitengo ya zipatso, ndipo tsiku lolipira ngongole ya nyumbayo layandikira. Mzungu wovala suti yoyera akumupeza m'bala, kenako n'kudzamupatsa madola 100 kuti akasake mkazi wina dzina lake Daphne Monet. Easy akuvomera chifukwa cha nyumbayo basi. Apa m'pamene Mosley amandigwira mtima: katangale mumamuonera kwa munthu amene angathe kunyamulidwa pakhomo pake, kumenyedwa, n'kumasulidwa usiku popanda womuuza chimene walakwa. Aliyense amene adasowapo tulo chifukwa cha lendi kapena ngongole amumvetsa Easy tsamba loyamba lisanathe.

Chofooka chilipo. Kumapeto nkhani imapotana kwambiri, ndipo zikafika povuta mnzake Mouse amangotulukira ndi mfuti n'kudula mfundo imene Easy akadayenera kumasula yekha.

Ine ndinganene kuti yambani ndi Mosley. Bukulo n'lochepa thupi, wofotokoza ndi mmodzi, ndipo mukafika kwa Ellroy mudzakhala mukudziwa kale nkhope za anthu amene apolisi ake amangowatchula ngati oganiziridwa mlandu. Kwa Ellroy lowerani pa The Black Dahlia, la 1987, lochokera pa imfa yeniyeni ya Elizabeth Short, mtsikana amene adaphedwa ku Los Angeles mu 1947, chifukwa ziganizo zake zikadali zathunthu. Buku lake lina, White Jazz, muliwerenge pomaliza, mutazolowera kalembedwe kake.