National Civil Rights Museum, Memphis: nyenyezi zisanu, koma pitani m'mawa

Tikiti anandigulira ndi mwana wanga amene amagwira ntchito ya unamwino ku Tennessee, dera la ku America komwe kuli mzinda wa Memphis. Ine ndimati tingoona chipinda chimene Martin Luther King, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, anagonamo, tijambulitse, basi tizipita. Tinatha maola anayi, osamaliza.

Nyumbayi, yomwe tsopano imaonetsa mbiri ya kumenyera ufulu wa anthu akuda, kale inali malo ogona alendo, Lorraine Motel. Mukangofika mumaona khonde lam'mwamba pomwe King anawomberedwa pa 4 Epulo 1968. Apachikapo nkhata ya maluwa, ndipo pansi pake paima magalimoto awiri akalekale. Chipinda chake, 306, mumachionera pagalasi, makapu a khofi ali pomwepo. Pamzere tinalipo ambiri, koma kunali zii.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti malowa anali bizinesi ya banja la anthu akuda. Walter Bailey anawagula mu 1945, nthawi imene munthu wakuda ankabwezedwa pakhomo la mahotela ambiri ngakhale ndalama ali nazo m'thumba. Mkazi wake, Loree, anachita sitiroko tsiku lomwe King anaphedwalo, namwalira patangotha masiku ochepa. Mayi ameneyu ndinali ndisanamumvepo chibadwire, ndipo zinandipweteka.

Pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa lole ya zinyalala. King anabwera ku Memphis chifukwa cha otola zinyalala okwana pafupifupi 1,300 amene ananyanyala ntchito. Anzawo awiri, Echol Cole ndi Robert Walker, anali ataphwanyidwa ndi makina a lole momwe anausamo mvula. Zikwangwani zawo zinangolembedwa kuti I AM A MAN, kukumbutsa abwana kuti wotola zinyalala naye ndi munthu. Bambo anga anandilera ndi tsache, akusesa mumsika, ndiye pamenepa misozi sinandifunse.

Mulinso basi yonga ya mumzinda wa Montgomery imene amalola kukwera. Chiboliboli cha Rosa Parks, mayi wakuda amene anamangidwa atakana kusiyira mzungu mpando m'basi, chili pampando, mawu a dalaivala akukalipa kuti anyamuke. Mdzukulu wanga wa zaka 9 anandigwira dzanja mwamphamvu. Nditamuuza kuti anthu akuda anakana mabasiwo masiku 381, ambiri akuyenda wapansi kupita kuntchito, anafunsa ngati nsapato sizinkawathera.

Zowerenga ndi zambiri ndipo ndi za m'Chingelezi, choncho a maso ngati angawa musaiwale magalasi. Valani nsapato zofewa. Ife tinafika dzuwa litapendeka, zipinda zina tinangodutsamo mothamanga. Ndamuuza kale mwana wanga kuti ndisanabwerere ku Zomba andiperekezenso.