Ndemanga: nsapato zamatayala anayi a 80 mm zolimbitsira thupi, nditaziyesa m'mbali mwa nyanja ku Durban

Nsapato zamatayala zimene ndikufotokoza pano ndi za gulu limene ogulitsa amalitcha fitness, kutanthauza kuti anazipangira munthu wofuna kulimbitsa thupi pa njira yosalala, osati wampikisano wa liwiro kapena wodumpha pa masitepe ndi pa zitsulo. Zili ndi matayala anayi ondondozana a mamilimita 80 amene kulimba kwake ndi 82A, nsapato yake ndi yofewa koma yozunguliridwa ndi pulasitiki wolimba wogwira akakolo, fulemu yake, chigawo cha kunsi chimene chimagwira matayala, ndi ya pulasitiki wolimbitsidwa, ndipo kuchidendene cha phazi lamanja kuli buleki. Makampani odziwika monga Rollerblade, K2 ndi Powerslide onse ali ndi nsapato za mtundu umenewu, ndipo ndaona kuti wogula amathandizidwa kwambiri akadziwa tanthauzo la manambalawa kusiyana ndi kungotsatira dzina lolembedwa pa bokosi. Maganizo anga ndi akuti kwa munthu wamkulu amene akuyamba kumene, izi ndi nsapato zoyenera, malinga ngati zikumukwana bwino kuphazi, ndipo pa mfundo ya kukwana imeneyi ndi pamene pagona nkhani yonse.

Ndinazigula chifukwa mawondo anga anayamba kudandaula ndikamathamanga pa konkire, koma sindinkafuna kusiya masewera olimbitsa mtima. Ndimakhala ku Durban, ndipo njira ya anthu oyenda pansi ya m'mbali mwa nyanja, imene imachokera kukhomo la doko kudutsa ku uShaka ndi pafupi ndi bwalo la Moses Mabhida mpaka ku Blue Lagoon, ndi yaitali pafupifupi makilomita 8 chiitalikitsireni mu 2019. Ndi yathyathyathya, mulibe magalimoto, ndipo m'mawa anthu apanjinga, othamanga ndi a nsapato zamatayala amagawana malo popanda kulimbana. Kumeneko ndi kumene ndayesera nsapatozi kwa miyezi ingapo, m'nyengo yotentha ya chinyezi komanso m'masiku a mphepo yamkuntho yochokera kunyanja.

Pa za kukwana, chimene chinandithandiza ndi kusadalira nambala ya nsapato imene ndimavala kuntchito. Opanga ambiri amalemba muyeso wotchedwa Mondopoint, umene ndi kutalika kwa phazi m'masentimita kapena m'mamilimita, choncho njira yodalirika ndi kuponda pepala chidendene chitagunda khoma, kulemba pamene pathera chala chachitali, ndi kuyeza mapazi onse awiri, pakuti anthu ambiri phazi lina limakula pang'ono. Wogulitsa m'sitolo anandiuza kuti ndivale nsapatozo, ndimange zingwe zonse, kenaka ndiimirire chilili. Zala zinkakhudza kutsogolo pang'ono, zimene poyamba zinandidetsa nkhawa, koma nditapinda mawondo monga mmene munthu amaimira akamayenda pa matayala, chidendene chinabwerera m'mbuyo ndipo zala zinamasuka. Umu ndi mmene nsapato yokwana imayenera kumvekera. Chovala cham'kati chimafewa ndi kukula pakapita masabata, motero nsapato imene ikumveka yomasuka bwino tsiku logula imadzakhala yokhwepa, ndipo phazi likamasewera m'kati matuza amabuka pa kakolo, komanso munthu amayamba kupindira mapazi m'kati. Ndaona anthu ambiri pa njirayi akuyenda akakolo atagwera m'kati, matayala atapendekeka, ndipo nthawi zambiri vuto silikhala kufooka kwa miyendo yawo koma nsapato zazikulu kapena zomanga mosakhwimitsa.

Zomangira zake ndi zitatu: zingwe wamba, lamba wodutsa mopingasa pamwamba pa phazi amene amakanikizira chidendene pansi, ndi chomangira chapulasitiki cha mano chozungulira pamwamba pa kakolo. Mwa zitatuzi, lamba wapakatiyo ndiye wofunika kwambiri, ngakhale kuti amaoneka wachabechabe. Ndikamumanga bwino, chidendene sichinyamuka ndikamakankha, ndipo mphamvu yonse imapita ku matayala. Chodandaulitsa ndi chakuti lamba ameneyu amamata ndi timinga tansalu timene timatola mchenga ndi ulusi wa masokosi, ndipo pofika pano wayamba kumasuka yekha ndikayenda mtunda wautali. Amene ali ndi ndalama yowonjezera angachite bwino kusankha nsapato zimene lamba wapakati ali ndi chomangira cha mano ngati chapamwamba chija.

Nsapato yofewa ili ndi ubwino wina umene ndaukonda kwambiri kuno kotentha. Nsalu yake ili ndi timabowo tolowetsa mphepo, ndipo ngakhale masokosi amanyowa ndi thukuta, phazi silipsa ngati mmene limachitira mu nsapato yapulasitiki yokhayokha. Komabe kufewako kuli ndi mtengo wake, chifukwa munthu akayamba kukankha mwamphamvu amamva nsapato ikupindika pang'ono, ndipo wolemera thupi angamve zimenezi msanga kuposa ine. Munthu wotere ndingamulangize kuti ayeseko nsapato yolimba yonse ya gulu lotchedwa urban asanasankhe, ngakhale kuti imatentha ndiponso ndi yolemererapo.

Matayala ndi amene ndikufuna kukambapo motalikirapo, chifukwa apa ndi pamene oyamba kumene amakopeka ndi zazikulu. M'sitolo mumaona nsapato za matayala atatu a mamilimita 110 kapena 125, zooneka bwino kwambiri, ndipo ndi zoona kuti tayala lalikulu limasunga liwiro kwa nthawi yaitali ndiponso limadutsa mosavuta pa ming'alu ndi pa timiyala. Koma limamukweza munthu kutali ndi nthaka, akakolo amagwira ntchito yaikulu kuti asagwedezeke, ndipo liwiro limabwera munthu asanaphunzire kuima. Matayala a mamilimita 80 amakusiyani pafupi ndi pansi, amayamba kuyenda msanga mukangokankha, ndipo kukhota kuzemba mwana kapena galu amene wadutsa mwadzidzidzi sikuvuta. Pa njira imene Loweruka imadzaza ndi mabanja, zimenezi n'zofunika kuposa liwiro. Kuipa kwake ndakumva m'malo amene pansi anayala timanjerwa m'malo mwa phula kapena konkire yosalala, pakuti pamenepo kunjenjemera kumakwera kuchokera ku matayala mpaka m'zipondero, ndipo pakapita mphindi zingapo mapazi amachita dzanzi. Mnzanga amene amayenda pa matayala a mamilimita 90 savutika chimodzimodzi pa malo omwewo.

Nambala ya 82A imanena za kulimba kwa mphira wa tayala. Nambala ikakwera, tayala limakhala lolimba, limachedwa kutha ndipo limathamanga pa malo osalala, koma limagwira pansi mochepa ndipo silimeza mabampu; ikatsika, tayala limagwira bwino koma limadyeka msanga. Pa njira zakunja, 82A mpaka 85A ndi pakatikati pabwino. Anga anayamba kudyeka mbali yam'kati, monga mmene matayala onse a nsapatozi amachitira chifukwa munthu amakankha cham'mbali, ndipo akutsogolo ndiwo anayamba kusongoka ngati mpeni wonoledwa mbali imodzi. Mankhwala ake ndi kuwasinthanitsa, loyamba kupita pamalo a lachitatu, lachiwiri pamalo a lachinayi, ndi kuwatembenuza kuti mbali yodyekayo iloze kunja. Ntchito imeneyi imafuna kiyi wa Allen amene anabwera m'bokosi momwemo, ndipo aliyense amene anamasulapo tayala la njinga angaichite popanda womuthandiza. Chofunika ndi kubwerera pa mabawuti onse mukamaliza, chifukwa bawuti yokhwepa imatha kuguluka muli pa liwiro.

Za ma bearing, tizitsulo ta pakati pa tayala tolithandiza kuzungulira mosavuta, ogulitsa amakonda kuonetsa nambala ya ABEC, kaya 5, 7 kapena 9, ngati kuti ndiyo ikunena za liwiro la nsapato. Muyeso umenewu anaukonzera makina a m'mafakitale, ndipo umangonena za kulondola kwa kapangidwe ka bearing, osati za mtundu wa chitsulo, mafuta ake kapena mmene imatchingira fumbi. Pa liwiro limene munthu wolimbitsa thupi amayenda, kusiyana kwa 5 ndi 7 sindinakumve. Chimene ndinamva ndi mchenga. Tayala lililonse lili ndi ma bearing awiri a saizi yotchedwa 608, choncho pa nsapato ziwiri alipo 16, ndipo mphepo ya kunyanja ikaulutsira mchenga pa njira, onsewo amayamba kulira mokhetekheta. Mpweya wamchere ndi madzi amvula zimabweretsa dzimbiri msanga, motero ndinasiyiratu kutuluka pansi pakakhala ponyowa, makamakanso chifukwa matayala amaterera kwambiri pa malo onyowa. Ndikabwerako ndimapukuta matayala ndi kansalu kouma, ndipo nthawi ndi nthawi ndimachotsa ma bearing, kuwatsuka ndi kuthira kadontho ka mafuta opepuka. Popeza saizi ya 608 ndi yofala, yomweyonso imene amaika pa skateboard, kathabwa kamatayala koseweretsa, kupeza ena atsopano sikovuta.

Fulemu yapulasitiki imameza kunjenjemera pang'ono ndipo imatsitsa mtengo wa nsapato, koma ndiyo malire aakulu a nsapatozi. Ya pa nsapato zanga ndi yomatirira ku nsapato, sichotsedwa, ndipo silandira tayala loposa mamilimita 80. Zimenezi zikutanthauza kuti tsiku limene ndidzafune matayala a 90 kapena 100, ndidzagula nsapato zina zonse. Amene akudziwa kale kuti masewerawa adzapitiriza ayang'ane fulemu ya aluminiyamu, ndipo afunse ngati imamasulidwa komanso kukula kwa tayala limene ingalandire, zimene kawirikawiri zimalembedwa pa fulemu pomwepo.

Buleki yakuchidendene imagwira ntchito, koma pokhapokha munthu ataiphunzira. Mumapinda mawondo, kutsogoza phazi lamanja, kukweza zala zake ndi kukanikiza chidendene pansi ngati mukufuna kukhala pa mpando. Siimitsa nthawi yomweyo, imafuna mtunda, ndipo pa mtsetse wotsikira kunyanja kuchokera m'misewu ya m'tauni sindingalangize woyamba kumene kuidalira. Ndinayamba kuiyeserera pa bwalo lathyathyathya lopanda anthu ndisanalowe pakati pa gulu, ndipo ndikuona kuti aliyense ayenera kutero, chifukwa wogundidwa ndi munthu wamkulu wa pa matayala amavulala kwenikweni. Mphira wa bulekiyo umatha, choncho ndi bwino kufunsa m'sitolo ngati amagulitsa wosinthira wa mtundu womwewo musanalipire.

Pa bajeti yanu muwerengeremo zodzitetezera kuyambira tsiku loyamba. Munthu akamagwa amatsogoza manja, n'chifukwa chake kuthyoka kwa mkono pafupi ndi dzanja ndi ngozi yodziwika kwambiri pa masewerawa. Zotchinga m'manja zokhala ndi pulasitiki wolimba kuchikhatho, zotchinga mawondo ndi zigongono, ndiponso chipewa cholimba chakumutu, zonsezi ndimavala nthawi iliyonse. Pulasitiki wa chotchinga cha dzanja langa lamanzere ali ndi mikwingwirima yakuya imene inabwera tayala litakodwa pa kamwala, ndipo chikhatho changa chinatuluka chopanda bala.

Nanga thupi lapindulapo chiyani? Masewerawa anafala kuchokera ku Minnesota m'dziko la America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene abale awiri, Scott ndi Brennan Olson, amene ankasewera hockey ya pa madzi oundana, anayamba kupanga nsapato zoti osewera aziyesererapo m'chilimwe, ndipo kankhidwe kake kakadali komweko, kokankhira cham'mbali. Kankhidwe kameneka kamagwiritsa ntchito ntchafu, matako ndi minofu ya m'mbali mwa chiuno imene kuthamanga sikuifikira kwenikweni, ndipo popeza phazi limatsetsereka m'malo momenya pansi, mawondo anga sakutupa ngati kale. M'masabata oyamba msana wam'munsi ndi zipondero zinkawawa chifukwa cha kuwerama kosazolowereka, koma zinatha minofu itazolowera. Kupuma kumakwera ndithu, makamaka pobwerera kuchokera ku Blue Lagoon mphepo ikamawomba kumaso, ngakhale kuti munthu akhoza kudzinamiza pongotsetsereka osakankha, ndipo pamenepo thupi silipindula kanthu.

Kwa abale amene ali kumudzi ndipo akufuna kuitanitsa nsapatozi kapena azipeza pa kaunjika, choyamba ndi kuganizira malo oyendapo, chifukwa pa msewu wa dothi kapena wa maenje sizigwira ntchito, ndipo m'mphepete mwa msewu wa maminibasi si malo ophunzirirapo. Bwalo la konkire la netball kapena basketball, kapenanso malo oimikapo magalimoto pa nthawi imene palibe magalimoto, ndi pokwanira poyambira. Zakaunjika muziyang'ane ngati pulasitiki wogwira kakolo sanang'ambike, ngati mabawuti onse alipo, ndiponso ngati matayala ndi a mphira weniweni wa polyurethane umene umabwerera mukaudina ndi chikhadabo, osati pulasitiki wouma wa zidole za ana amene amaterera ndi kusokosera.

Pa nyenyezi zisanu ndikuzipatsa zinayi. Imodziyo ndachotsera fulemu yosamasulidwa ndi lamba wapakati amene wayamba kutopa. Woyamba kumene, kapena wobwerera ku masewerawa patapita zaka, amene akufuna kuyenda makilomita angapo kangapo pa sabata pa njira yosalala, nsapato za mtundu umenewu zimukwanira. Amene amadziwa kale kuima ndi kukhota, ndipo njira yake ili ndi malo okakala, ayambire pa matayala a mamilimita 90 ndi fulemu ya aluminiyamu.