Phwando la kanyenya kapena ulendo wa ndawala?

Gulu la achinyamata likafuna ndalama za machubu ndi mbewu za mitengo, phwando la kanyenya ndilo limakoka anthu, koma limadya ndalama lisanayambe: holo, zoimbira, nyama, zakumwa, komanso jenereta poti magetsi sadalirika. Matikiti agulitsidwiretu kutatsala sabata ziwiri. Mukadalira pakhomo, abale ndi anzanu amangolowa ulere. Kuotcha nyama ndi makala pa phwando loteteza nkhalango n'kudzitsutsa, choncho pezani gasi kapena mabriketi.

Ulendo wa ndawala sulira zambiri: kudziwitsa khonsolo ndi apolisi, madzi akumwa, mafomu a malonjezo basi. Pogona vuto m'pakuti olonjeza ambiri salipira, ndiye landiranitu pomwepo pa Airtel Money kapena Mpamba. Yendani mu Juni kukuzizira, kuti mbande zifesedwe msanga, zikhwime pofika pa 15 Disembala, nyengo yobzala mitengo ikamayamba.